Mlembi Amene Analeka Kuimba

Mwezi uno apongozi anga aamuna, aYesaya Nyirongo a kwa Magodi, akwanitsa chaka ali m'manda. Kumpingo apempha kuti banja lilembe mawu ochepa owakumbukira, ndipo amuna anga aChiza, monga amachitira ntchito ikakhala yolemera pamtima, andikankhira ine cholembera. Zokawerenga kutchalitchi ndalemba kale: anali mkulu wa mpingo, anasunga buku la mayina zaka zambirimbiri, sanajombepo Lamulungu. Zonsezo n'zoona ndipo anthu adzagwedeza mitu. Koma pepala limenelo likundinyansa, chifukwa mulibe mzere wonena kuti munthu amene mawu ake ankamveka mpaka kudambo anatha zaka khumi ndi chimodzi zomaliza za moyo wake osaimba ngakhale nyimbo imodzi.

Ine ndinalowa m'banja limeneli ngati mtengwa wochokera ku Chipata, Chitumbuka ndikungodziwa monire ndi yewo. Anzanga anali atanditsina khutu kuti apongozi akowo ndi mwala, ukaseka pamaso pawo wachimwa. Tsiku loyamba ndinagwada patali monga mwa mwambo, ndikudikira mwalawo. Ndinaona munthu wamtali, wowonda, wa jekete lakuda lotuwa m'mapewa, ali kalikiliki kuchotsa nkhupakupa m'khosi mwa ng'ombe. Anandiyang'ana kamodzi, nkuyankhula Chinyanja chawo chothyokathyoka chosakanikirana ndi Chitumbuka.

"Mwabwela, mkamwana. Pano tipemphela m'mawa, zuwa likalibe kutuluka. Ngati muli na tulo tambili, muzazolowela."

Sindinazolowere mpaka lero. Mapempherowo ankachitikira pakhomo la khola, tonse chilili, kaya ndi mwezi wozizira kaya kukugwa mawawa. Iwo ankayambitsa nyimbo popanda buku, ndi liwu lija lochokera pansi pa chifuwa, ndipo amayi a mudzi wa patsidya ankati akamva aNyirongo ayamba ndiye kuti nthawi yonyamula khasu yakwana. Ikatha nyimbo ankatchula aliyense dzina pamaso pa Mulungu. Ankayamba ndi akazi awo, aNyaZimba, kenaka Yotamu mwana wawo woyamba, kenaka Chiza, odwala a m'mudzi, nkumalizira ng'ombe zawo ziwiri zapagoli, Bulaki ndi Kapiteni. Chaka choyamba dzina langa linkabwera ng'ombe zitatchulidwa kale. Ndinakwezedwa nditabereka mwana.

Munda wawo wa nsawawa, monga mtedza amautchulira kuno, unkaoneka ngati wojambula. Ankapanga mizere ndi chingwe, ndipo munthu ukakhotetsa mzere umodzi ankakubweza kuti ukayambirenso. Ankakonda kunena kuti ukalola chingwe kukhota pamzere umodzi chifukwa pali chitsa, mizere yonse yotsatira imakhota, ndipo pofika kumalire walowa m'munda wa mnzako osadziwa. Mawu amenewa ankawanena kumunda, pamilandu ya mpingo, ngakhale pogawa ndiwo. Tinkawaseka kuseri, ine ndi mkazi wa Yotamu, kuti tsiku lina adzayeza ndi chingwe malo okhala anthu kumwamba.

Mkangano wanga woyamba ndi iwo unali wa vitumbuwa. Ndinakazinga Lamulungu m'mawa kuti ndikagulitse kubwalo la mpira masana. Iwo sanandikalipire, mtengwa sakalipiridwa maso ndi maso. Anangonyamula beseni lonse, nkupita nalo kutchalitchi pa njinga, nkugawira ana a Sande sukulu. Pobwera anandibwezera beseni lotsukatsuka, nati ana athokoza kwambiri. Ndinalira ndi ukali kuseri kwa nkhokwe, ndipo sabata yonse ndinkawapatsa madzi osamba ozizira pang'ono. Anasamba osadandaula.

Koma ndinganame nditati anali munthu wopanda chifundo. Chaka chimene mvula inadula chimanga chili m'mawondo, anthu akudya mango owiritsa, aNyirongo anatsegula nkhokwe yawo nkumapimira amasiye m'mbale, ife a pakhomo tikudya kamodzi patsiku. Panali nkhalamba ina yodwala zilonda imene abale ake omwe ankaithawa chifukwa cha fungo. Amene ankapita kukaisambitsa Lachitatu lililonse anali iwowa, sopo ali m'thumba la jekete. Mwana wanga atakomoka ndi malungo, Chiza kulibe, anandikweza pa njinga ine ndi mwana yemwe, mwambo wa upongozi nkuuika pambali, nkupalasa mpaka kuchipatala akuimba njira yonse kuti ndisalire. Ndiye mukamamva zotsatirazi musaganize kuti ndikunena za chilombo. Zikanakhala zosavuta chikanakhala chilombo.

Mumpingo mwathu muli lamulo limene aliyense amalidziwa. Munthu akalakwa amadulidwa, dzina lake limachotsedwa m'buku la odya Mgonero. Akafuna kubwerera amalowa kalasi la obwerera, ndipo akulu akakhutira, abusa amamulandira pa Lamulungu la Mgonero. Abusawo ali ndi mipingo yambiri, kwathu amafika kamodzi pa miyezi itatu, pa njinga yamoto. Munthu akamwalira ali wodulidwa, mpingo subwera ngati mpingo. Akhristu amabwera ngati anansi chabe. Amayi savala yunifolomu, kwaya siimba, pamanda pamangokhala pemphero lalifupi. Kwa ife amene timaperekeza maliro ndi nyimbo kuchokera pakhomo mpaka dothi lomaliza, palibe chilango choposa chimenecho, ndipo chimagwera otsala.

Buku limenelo linkasungidwa ndi aNyirongo, mlembi wa mpingo. Ankalikulunga m'pulasitiki nkulimangirira pakaliyala ka njinga.

Chaka chimodzi Yotamu asanamwalire, mnansi wathu aNgoma anataya mwana wamkazi pobereka. Mtsikanayo anali atathawitsana ndi mnyamata popanda ukwati wa kutchalitchi, motero anali wodulidwa. ANgoma anabwera okha pakhomo pathu, chipewa chili m'manja, kudzapempha kuti mpingo uimbe. Apongozi anawalandira bwino, anawapatsa mpando, analira nawo, nkuwakaniza. Anatumiza thumba la chimanga kumaliro ndiponso anakumba nawo manda, koma nyimbo ayi. Kuyambira pamenepo aNgoma ankati akawaona panjira ankapatukira kutchire. Amayi ena kuchitsime ankanong'ona kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndinkangoti ndi nkhani za kuchitsime.

Yotamu, mlamu wanga, anali munthu wa nthabwala, wosiyana ndi bambo ake ngati mchere ndi shuga, koma liwu linali lomwelo. Awiriwa akaimirira pamodzi mutchalitchi malata ankanjenjemera. Mkazi wa Yotamu anayamba kudwala matenda osadziwika bwino: mutu, kugwa, kulira popanda chifukwa. Anapita naye kuchipatala cha kuboma, anabwera ndi mapiritsi, sizinasinthe. Akulu a mpingo anabwera kudzapemphera kangapo. Pomaliza amalume a mkaziyo anati ndi vimbuza, mizimu ija imene kuno amaitulutsa ndi ng'oma ndi kuvina. Mpingo umaletsa zimenezo. Yotamu anapita naye mkazi wake, ndipo woimba ng'oma wina atatopa, iye anakhala pansi nkuigwira yekha. Mkaziyo anapezako bwino. Kaya anachira ndi ng'oma, kaya ndi mapiritsi, kaya ndi mapemphero, funsani amene amadziwa, ine sindinali m'mutu mwake.

Nkhani inafika kwa akulu tsiku lisanathe. Lamulungu lotsatira apongozi anaimirira kutsogolo, natsegula buku, nawerenga dzina la mwana wawo ndi liwu lomwe ankawerengera mayina a ana a eni. Yotamu sanakwiye. Potuluka anandinong'oneza kuti, "Mulamu, mwaona? Adada aniwelenga monga ni chilengezo cha feteleza." Sabata yotsatira analowa kalasi la obwerera, ndipo sanajombe ngakhale kamodzi. Ankakhala pabenchi lakumbuyo, nkumaimba kuchokera komweko.

Itatha miyezi isanu ndi umodzi akulu anakhala pansi nkugwirizana kuti Yotamu walapa, abusa akabwera amulandire. Onse anavomera kupatula mlembi. ANyirongo anati mwana wa mkulu wa mpingo asabwerere pa nthawi yofanana ndi ana a ena, anthu anganene kuti bambo ake amufupikitsira njira. Adikire Mgonero winawo. Akulu anzawo anawauza kuti lamulo silitero. Iwo anaumirira, ndipo popeza mwana anali wawo, anzawo anangowasiya. Abusa anabwera, analandira anthu anayi, nabwerera. Yotamu anaseka nati miyezi itatu si zaka, kumwamba sikusamuka.

Anamwalira kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti abusa abwerenso. Ankatuta chimanga pangolo, gudumu linalowa m'ngalande potsika kudambo, ngolo nkumugwera pachifuwa. Anthu pofika anapeza Bulaki ndi Kapiteni zitangoima, iye atatha kale.

M'mawa wa tsiku loika maliro akulu a mpingo anakumana kuseri kwa khola. Ine ndinali pafupi ndikutsuka mbale za anthu obwera, ndipo ndinamva zonse. Akuluwo anati nkhaniyi njosavuta, mnyamatayu tinamuvomera kale, chinatsala ndi dzanja la abusa basi, amayi avale yunifolomu, kwaya iimbe. Apongozi anagwira buku lawo pamaondo. Kenaka anati dzina mulibe.

Pamenepo ndinaona aNgoma akubwera, aja ankapatukira kutchire. Anaima patsogolo pa apongozi, osakhala pansi.

"Yesaya, imbilani mwana. Ine sinizakamba kanthu. Nalumbila pamaso pa aba bonse, sinizakamba."

"Iwe suzakamba," anayankha apongozi, maso ali pansi. "Manje mwana wako uja tinamuika chete, nizamuuza chani? Kuti wa Nyirongo ni munthu, wa Ngoma ni mbuzi?"

"Wanga anapita kale. Osamulipilitsa uyu."

Apongozi anapukusa mutu. Wina anathamangira m'nyumba ya siwa kukauza aNyaZimba. Mayi wofedwa satuluka pamene pagona mwana wake, koma iwo anatuluka, chitenje chikukwekwereka, nadutsa pakati pa amuna onse aja nkugwada pamapazi a amuna awo. Ndinali ndisanawaonepo akupempha kanthu kwa munthu.

"Sumu yimoza pera, awiske Yotamu."

Nyimbo imodzi yokha, bambo a Yotamu. Anabwereza katatu. Ine ndinaleka kutsuka, ndikuti basi apongozi agonja. Koma ananenanso zomwezo, kuti dzina mulibe m'buku. ANyaZimba anadzuka pang'onopang'ono, nawafunsa pamaso pa anthu onse kuti analichotsa ndani dzinalo, ndipo analichedwetsa ndani.

Sindinaonepo ulendo wautali ngati wa tsiku limenelo, chonsecho manda ali pafupi. Anthu anali ambiri, chifukwa Yotamu ankakondedwa. Tinkamva mapazi athu. Tinkamva bokosi likukhuzana ndi mapewa a onyamula. Kumanda apongozi anapemphera okha pemphero lalifupi lija, liwu osagwedezeka, kenaka makasu anayamba. Pamaliro ena dothi loyamba likamagwera pabokosi amayi amakweza nyimbo kuti ofedwa asamve. Ife tinamva lonse. Ndinawada tsiku limenelo apongozi anga, ndipo sindibisa.

M'mawa mwake, pakhomo la khola, tinaimirira kudikira kuti ayambitse nyimbo. Anatsegula pakamwa, natsekanso, nkuyamba pemphero. Tinati ndi chisoni, zidzatha. Sizinathe. Mutchalitchi ankaimirira ndi anthu onse, buku la nyimbo lili chotsegula, chala chikutsata mizere, pakamwa pali chotseka. Amayi a patsidya anayamba kuchedwa kumunda. Dzina la Yotamu sanalichotse m'pemphero la m'mawa. Ankalitchula pamalo pake pomwe, pambuyo pa aNyaZimba, nkukhala kaye chete ngati akudikira kuti wina avomere.

ANyaZimba sanachoke pabanja, sanaleke kuwaphikira, sanawanyoze kwa anthu. Anangosintha dzina lowaitanira. Kuyambira tsiku la maliro sanawatchulenso awiske Yotamu. Ankati aMlembi. "AMlembi, madzi yali ku bafa." "AMlembi, ng'ombe zalowa m'munda." Mlendo akanati ndi ulemu. Ife a pakhomo tinkadziwa kuti ndi mkwapulo, ndipo unkagwa kangapo patsiku. Yunifolomu yawo anaichapa, naisita, naiika pansi pa sutikesi. Kutchalitchi analeka. Akulu anayesa kuizembetsa nkhaniyo, koma Migonero itadutsa yambiri mayiwo osaoneka, lamulo linati nawonso adulidwe. Apongozi anabwera ndi buku kunyumba nakhala nalo pakhonde tsiku lonse. ANyaZimba powadutsa ndi lichero anati, "Lembani, aMlembi. Chingwe chisakhote." Analemba. Chaka chomwecho anakapereka bukulo kwa akulu anzawo, nati maso afooka. Maso omwewo ankaona nkhupakupa pa ng'ombe ili kutali.

Pakhomo pathu panakhala ngati pagwa chisanu chosatha. Mkazi wa Yotamu anabwerera kwawo. Chiza anayamba kukonda ntchito za kutali. Ine, amene pakamwa panga sipachedwa, ndinapirira zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku lina masana tinkasenda nsawawa zambewu, iwo pampando pakhonde, ine pamphasa chapatali. Panalibe wina. Ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula.

"Adada, mungonikhululukila. N'chifukwa chani simuimba?"

Ndinayembekeza kuti adzuka nkuchoka. Anapitiriza kusenda.

"Mkamwana, nikati nitsegule pakamwa nimvela makasu."

Popeza ndinali nditalowa kale m'madzi, ndinafunsanso ngati amaona kuti analakwa. Anayankha mosathamanga, ngati munthu amene funsolo wakhala akulitafuna zaka zonse. Anati za tsiku la maliro, atabwerera angachitenso chimodzimodzi, chifukwa sakanatha kuyang'ana aNgoma kumaso, ngakhale aNgomawo analola. Apo ndinafuna kuwaponyera lichero. Koma anapitiriza.

"Miyezi itatu ija ndiye n'nalakwa. Ija siinali ya Chiuta, siinali ya mpingo. Inali yane. N'nayopa milomo ya banthu. N'nafuna akambe kuti Nyirongo ni wolungama, ngakhale mwana wake samuona nkhope. Banakamba. Nili nayo iyo mbili, mkamwana, nayisunga. Mwana ndiye nilibe."

Ndinawafunsa ngati anawauzapo amama, aNyaZimba, mawu amenewa. Anati mawu oterowo ndi opepuka kwambiri, angawanyoze nawo. Ndinawauza kuti opepuka omwewo ndi amene mayi aja akudikira. Sindikudziwa ngati anakawauza. Ndikudziwa kuti madzulo ake ndinamva, "AMlembi, chakudya chapsa," monga mwa masiku onse.

Chimene chimandivuta mpaka lero n'chakuti chikhulupiriro chawo sichinachepe. Ndikanamvetsa akanataya Baibulo. Koma ankawerenga kuposa kale, ankayendera odwala mpaka miyendo itayamba kutupa, ndipo pa maliro a munthu wodulidwa aliyense iwo ankafika woyamba ndi khasu, nkukhala pafupi ndi bambo wofedwayo. Anzawo atayamba kukamba zofewetsa lamulo lija, anawafunsa maganizo. Anati iwo alibe pakamwa pa nkhani imeneyo. Lamulolo lilipobe.

Anadwala miyezi inayi. Kuchipatala anati ndi mtima, nawabweza kunyumba ndi mankhwala. ANyaZimba ndiwo ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala, ndipo sankalola wina kugwira ntchito imeneyo. Kutatsala masiku awiri kuti amwalire anaitanitsa Chiza ndi ine. Amama anali chilili pakhomo la chipinda. Apongozi anati ali ndi mapempho awiri. Loyamba, akawaike pafupi ndi Yotamu. Lachiwiri, pamaliro awo pasaimbidwe nyimbo, yunifolomu isavalidwe, pakhale pemphero lalifupi basi.

Chiza anagwa nkhope. "Adada, imwe simunadulidwe. Abusa bazabwela, mipingo yonse izabwela. Nizabauza chani?"

"Ubauze kuti n'napempha. Napita njila yamene anapita mwana wane."

Anamugwira dzanja mpaka Chiza analonjeza. Amama pakhomo paja anamva zonse.

Tsiku la maliro kunabwera anthu amene sindinawaonepo. Abusa anafika, makwaya anabwera pamathirakitala ndi pangolo, amayi a mipingo yoyandikana atavala kale zoyera ndi zakuda. Chiza atanena pempho la bambo ake, kunabuka phokoso. Abusa anati munthu sangadzidule yekha, aNyirongo anamwalira ali mkhristu wokwanira ndipo mpingo uli ndi udindo wowaperekeza. Akulu ena anati odwala amayankhula zambiri. Chiza anasowa mtengo wogwira. Pomaliza anagwirizana kuti afunse mwini maliro, ndipo abusa analowa okha m'nyumba ya siwa nagwada pafupi ndi aNyaZimba. Ine ndinali nditakhala kumbuyo kwawo. Mumtima ndinkati mayi awa alola kuti aimbe, zaka khumi ndi chimodzi zakwana.

"Abusa," anatero amama, "mwamuna wane sananamepo. Ngati anakamba kuti chete, ni chete. Balekeni bonse aba bamvele mwamene imamvekela."

Amayi anavula mipango yoyera nafunda zitenje pamwamba pa mabulauzi. Tinayendanso ulendo uja, anthu ochuluka kuposa poyamba, makwaya athunthu akuyenda pakamwa chotseka. Ena mwa akulu amene ankalimbikira lamulo lija ndinawaona akupukuta maso makasu atayamba. Kaya amama anachita zimenezi powalemekeza amuna awo, kaya powabwezera, kaya pofuna kuphunzitsa mpingo, sindinathe kudziwa.

Chinandipweteka kwambiri ndi china. M'mawa wa tsikulo adzukulu okumba manda anali atalemba malo ogundana ndi manda a Yotamu, monga mwa pempho. Amama atamva anatuma Chiza kuti akawauze asunthe, asiye mpata pakati. Chiza anachonderera kuti adada anapempha pafupi. Iwo anati pafupi ndi pafupi, koma asunthe. Anthu ananong'ona kuti mayiyu ngouma mtima, akumulekanitsa mwamuna ndi mwana ngakhale m'manda. Inenso ndinaganiza chomwecho, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkawapatsa moni wa pakamwa chabe.

Itatha miyezi isanu ndi umodzi ya chisoni, Lamulungu lina ndinawaona akumanga mpango nkutenga ndodo. Anakalowa kalasi la obwerera. Gogo wa imvi mutu wonse amakhala pabenchi limodzi ndi atsikana otenga mimba ndi anyamata ogwidwa ndi kachasu, nkumayankha mafunso a katekisimu amene ankaphunzitsa ena ine ndisanabadwe. Akulu anachita manyazi nati awalandira pa Mgonero woyamba. Iwo anakana, nati akhala miyezi yonse monga wina aliyense. Ndinawafunsa chimene chawabweza, anangoti ndidzaona.

Sabata yatha tinapempha chilolezo nkupita kukalambula kumanda, pokonzekera mwambo wa chaka. Amama anaumirira kubwera, ngakhale chifuwa chawavuta kuyambira nthawi yokolola ndipo amapuma kawiri asanafike kuchitsime. Ine ndinalambula manda a apongozi, Chiza a mkulu wake. Nditayamba kupalira mpata wa pakati uja, amama anandigwira mkono.

"Apo palekeni, mkamwana. Nizasesa nekha. Ni panga."

Ndinaika khasu pansi. Anakhala pansi pamphepete pake, akupuma movutikira.

"Aba babili banapita chete. Wina anakanizidwa, wina anazikaniza. Manje ine nikalowa m'buku, palibe azakanize. Siku yanga muzabwele na makwaya yonse. Muzaimilile apa, muimbe kwambili, osaleka mpaka dothi yasila. Uyu amvele, na awiske Yotamu bamvele."

Chiza anatembenuka nkuyang'ana kutchire. Ine ndinawerenga masabata mumtima, ndipo ndikhulupirira tonse atatu tinkawerenga chimodzi. Abusa abwera pakatha masabata asanu. Usiku amama amatsokomola mpaka timamva kunyumba kwathu. Chiza wapita kale kwa akulu kukapempha kuti abusa afulumire, kapena awalandirire pakhomo. Amama atamva anamukalipira, nati iwo salowera pawindo.

Mpatawo ndi waung'ono, mphasa imodzi ikhoza kuuphimba. Kumanzere kuli mulu wa Yotamu umene unatitimira kale, kumanja kuli wa apongozi, dothi lake likadali lofiira. Pakati pamera chisoso ndi kaudzu kofewa, ndipo nyerere zapanga kanjira kochoka kumanda ena kupita ku enawo. Amama anazula udzuwo ndi manja, pang'onopang'ono, nasalaza dothi ndi chikhato monga achitira poyala pogona mlendo. Atatha anapempha kuti tiwadzutse, ndipo tinabwerera kunyumba tikuyenda mwa liwiro lawo. Masabata atsala anayi tsopano.